Kalata Yopanda Maungu

"Lemba kuti mbuzi ija yamawanga inabereka tuwiri, koma kamodzi kanagwidwa na galu wa a Abraham," anatero amayi, maso ali pa mtedza umene ankaswera m'lichero.

Ndinalemba. Linali tsamba lachitatu, ndipo pensulo yanga inali itabuntha kale ndi mayina a anthu. Tinali titapereka moni kwa anthu khumi ndi asanu ndi awiri a ku Katete, aliyense payekha pamodzi ndi ana ake, ena mwa iwo ine ndisanawaonepo chibadwire. Tinali titanena za mvula imene inadula msanga, za denga la khitchini limene linkadontha pakona, za bondo la amayi, ngakhale za anankafumbwe amene anatidyera chimanga. Koma chimene tinakhalira pakhonde masana a Loweruka limenelo, mu June 1996, tinali tisanachiyandikire n'komwe, ndipo ine mtima unali utayamba kuwira.

Kalatayo inkapita kwa amayi aakulu, a Mirriam, mkulu wawo wa amayi anga wa bere limodzi. Awiriwa anali atatha zaka zisanu osalankhulana. Agogo atamwalira mu February 1991, uthenga unatipeza bambo anga ali gone m'chipatala, mvula ikugwa osapumira, ndipo amayi anakafika kumudzi patapita masabata atatu, pamanda patayamba kumera udzu. A Mirriam anawalandira ndi msana. Pamaso pa anthu anati, "Alekeni a ku Lusaka, anataya kale mbewu ya kwawo." Kwa anthu a ku Katete aliyense amene anawoloka Luangwa ndi wa ku Lusaka, ngakhale akhale ku Bundabunda ngati ife, kumene fumbi la m'tauni tinkaliona kawiri pachaka. Amayi anga pakamwa sipachedwa kupsa. Anayankha kuti mkulu wawo anabisa dala matenda a agogo kuti aoneke ngati mwana ndi iye yekha, ndipo m'mawa mwake anakwera basi osatsanzika. Bambo anamwalira chaka chomwecho, ndipo ku Katete sikunachokere munthu.

Tsopano Fabian, mwana woyamba wa a Mirriam, anali atatilembera mizere isanu: mayi ake atupa miyendo, mtima ukuwavuta, chimene chikulowa ndi phala lokha. Ine ndinati amayi angokwera basi mawa lomwelo. Anakana. Anati chitseko chimene munthu anakutsekera sumachikankha ndi phewa, ungakamuphe ndi mkwiyo wodwalayo. Kalata iyambe yakagogoda. Mkulu wawo akangoti bwera, iwo akwera tsiku lomwelo. Choncho chilichonse chinali pa mapepala amene anali pabondo pangawo, ndipo mapepalawo anali odzaza ndi mbuzi.

"Manje lemba kuti maungu aja akali kubala," anatero amayi. Manja awo anali ataleka kuswa mtedza. "Uti sininasinthe mbewu. Uti chaka chino ayanga mpaka pa chulu."

Ndinalemba.

"Ubwerezenso. Uti akali kubala."

Ndinabwereza, kenaka ndinaika pensulo pansi ndi kuwafunsa kuti nanga kupepesa kubwera tsamba liti, popeza dzuwa linali litapendeka ndipo munthu ku Katete sakudikira mbuzi. Amayi anandiyang'ana ngati ndawafunsa njira ya kumunda kwawo komwe.

"Za maungu walemba?"

"Nalemba, amai."

"Basi. Tseka. Uti ndine mng'ono wanu, Justina."

Masiku onse ndikatha kulemba ndinkawawerengera kuti amve ngati zili momwemo. Tsiku limenelo anadzuka msanga, nalowa m'khitchini mmene munalibe moto, ndipo ndinamva akumina. Ali momwemo anati ndikaikopere bwino ndi inki ku koleji, ndiiponye ku positi Lolemba. Sanakayike chilichonse. Akanakayika chifukwa chiyani? Ndinali dzanja lawo kuyambira ndili Giredi 4.

Pamudzi pathu aliyense ankandidziwa ndi ntchito imeneyo. Ambiri anali anthu ochokera kummawa ngati ife, amene anabwera kudzafuna malo olima pafupi ndi mishoni, abale awo atatsala ku Katete, ku Chadiza, ku Petauke. Amayi okalamba ankabwera ndi emvulopu atamanga pansonga ya chitenje, dzira limodzi kapena mbatata m'manja, n'kukhala pakhonde pathu. Ndinkalemba chilichonse monga chatulukira m'kamwa. Munthu akanena chinthu katatu, ndinkachilemba katatu. Akati "eee, mwana wa amai," nanenso ndinkalemba momwemo. Ankati Tisauke, ndilo dzina langa lakumudzi, ndiye wabwino, kalata yake ukamaimva umachita kumuona mwini wake atakhala pamphasa. Ine sindinkadziwa kuti limenelo ndi luso. Ndinkayesa kuti n'chifukwa choti sindinaphunzire mokwanira.

Kenaka ndinapita ku koleji ya uphunzitsi mu Lusaka, ndipo kumeneko Tisauke anatsala pageti, analowa ndi Clementina wa pa satifiketi ya ubatizo. Ndinatenga phunziro la mabuku ndi zolembalemba, limene tinkalitchula kuti litirecha, milomo titaisongola. Ankatiphunzitsa ndi a Lemmy, bambo wamtali wowonda wa jekete imodzi, amene tonse tinkawatcha a Chikwakwa chifukwa cha zimene cholembera chawo chofiira chinkachita pa mapepala athu. Chimangirizo changa choyamba chinabwerako chili chofiira ngati pamene aphera nkhuku. Mawu awo anali amodzimodzi chaka chonse: chiganizo ndi minibasi ya pa Great East Road, liwu lililonse likwere ndi katundu, limene likungoyenda manja lende litsike.

Sindiwanamizira a Chikwakwa. Ananditsegula maso. Kale ndinkawerenga buku kuti ndidziwe chabe amene akwatire mnzake kumapeto. Tsopano ndinkaona mmene wolemba wamangira nyumba yake, pamene waika mzati, pamene wabisa mpeni. Ndinkawerenga mpaka kuiwala belu la chakudya. Koma maso akatseguka motero satsekekanso. Ulaliki wa abambo mfumu ndinkaudula m'mutu ndili chogwada. Zilengezo za kutchalitchi ndinkazipeza zonenepa. Amayi a pamudzi akabwera ndi maemvulopu awo pa holide, ndinkalemba mano ali gwa, ndikumva manyazi ndi dzanja langa lomwe. Mutu unakula, ndipo panalibe wondiuza, chifukwa kwathu munthu wa ku koleji sauzidwa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti a Chikwakwa anatiphunzitsanso chinthu chachiwiri. Ankati anthu enieni sanena chimene chili pamtima, amazungulira, ndipo wowerenga wabwino amatchera khutu pamene munthu wazungulirapo. Mwezi womwewo tinali titawerenga nkhani ina ya kutsidya la nyanja, ya mlimi wokalamba amene analakwira mwana wake, ndipo m'malo mopepesa ankangomuuza za mpanda umene wakonza. Ine ndinalemba masamba asanu ndi limodzi kufotokoza kuti mpandawo ndiko kupepesa kwake. Ndinapambana onse. A Chikwakwa anawerenga chimangirizo changa pamaso pa kalasi, ine ndikuyang'ana pansi monamizira kudzichepetsa. Mlimi wa m'buku, wa dziko la chisanu limene sindinalipondepo, ndinamumva bwinobwino.

Lolemba masana ndinakhala m'laibulale, masamba atatu a pensulo kumanzere, pepala latsopano labuluu kumanja. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinati mayi akufa alibe mphamvu zomvera mayina khumi ndi asanu ndi awiri. Ndinati amayi anga ndi munthu wosaphunzira, ali ndi mtima koma alibe mawu, ndipo mawuwo ndili nawo ndine. Moni yense anatsika minibasi. Mbuzi inatsika, denga linatsika, bondo linatsika. Pa maungu ndinaseka pang'ono ndisanadule. Ndipo ndinalemba izi, zimene ndingathe kuzinena ngakhale mutandidzutsa kutulo:

"Akulu anga, ndinakulakwirani. Tsiku limene ndinachoka pamanda a mayi athu ndili ndi mkwiyo ndinasiya theka la mtima wanga pamenepo, ndipo zaka zisanu zonsezi ndayenda ndi theka lotsalalo. Ndikhululukireni. Ndiitaneni ndibwere. Ndine mng'ono wanu, Justina."

Nditaiwerenga misozi inalengeza. Ndinamusonyeza Mapalo, mtsikana wa ku Kitwe amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, ndipo anagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Ba Clementina, iyi ingalilise na mwala." Ndinamata emvulopu, ndinakaiponya, masamba a pensulo aja ndinawapana m'buku la ndakatulo. Loweruka lotsatira amayi atandifunsa, ndinati ndatumiza. Sindinanene bodza, ndipo ndinkanyadira kuti sindinanene bodza.

Makalata athu ankabwera kudzera m'bokosi la mishoni. Lamulungu lililonse Misa ikatha, a Abraham, akatekisiti athu okalamba a manja onjenjemera, ankaima pa masitepe a tchalitchi n'kumaitana mayina a pa maemvulopu. Amayi anali atamanga kale katundu: chitenje chatsopano, mtedza wa m'kathumba, ndi dzungu limodzi lalikulu la khungu lotuwa limene analisunga pansi pa bedi, loletsedwa kwa aliyense. Ankaima kutsogolo kwa gulu, chikwama m'khwapa ngati basi ikudikira kuseri kwa tchalitchi. A Abraham akatha kuitana, amayi ankatsalabe, kuwafunsa ngati palibe ina yatsalira m'thumba la jekete. Ndinaona zimenezi maulendo awiri pamene ndinali kunyumba. Ndinawauza kuti positi ya masiku ano ndi yaulesi, asadandaule, kalata ngati ija munthu sangaikane.

"Ni zoona," anatero. "Za maungu akamva, azaniitana."

Mawu amenewo anandilasa pang'ono, koma ndinadziuza kuti chimene ndinatumiza chinali choposa maungu. Anapita ma Sande asanu ndi awiri. Pakati pa August m'malo mwa kalata kunabwera telegalamu ya maliro a amayi aakulu. Ine ndinali pakati pa mayeso, choncho amayi anapita okha, atasenza dzungu lija pamutu mpaka kumsewu.

Ndinabwera kunyumba Loweruka loyamba la September, dzuwa lili paliwombo. Ndinawapeza atakhala pakhonde pomwe paja, mutu wometa atauphimba ndi duku lakuda, manja opanda ntchito, chinthu chimene sindinachionepo. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinafunsa za maliro. Anayankha zonse mwadongosolo: a Mirriam anaikidwa pafupi ndi agogo, anthu anabwera ambiri, dzungu analiphika pa maliro ndipo linadyedwa ndi anthu okumba manda. Kenaka anapisa dzanja m'bulauzi natulutsa emvulopu yopindika, yakuda ndi manja. Ndinaizindikira ndi sitampa imene ndinamata mopendama.

"Niwerengere."

M'mutu mwanga munadutsa nzeru yoipa. Ndinati ndiyang'ane papepala koma ndinene za mbuzi ndi denga, popeza ndinkazikumbukira. Amayi anandiona ndisanatsegule pakamwa.

"Fabian ananiwerengera kale. Nifuna nimve pakamwa pako."

Ndinawerenga. Mawu amene anandiliritsa m'laibulale anamveka pakhonde paja ngati munthu wavala suti m'dimba. Sanatenge nthawi. Nditafika pa dzina lawo kunkangomveka nkhuku zikupalasa pa dzala.

"Maungu ali kuti?" anafunsa amayi.

Kenaka anandiuza zimene Fabian anawauza, mawu ali pansi, osafulumira. Kalata inafika bwinobwino sabata yachiwiri. A Mirriam atamva kuti yachokera kwa mng'ono wawo anauza anthu kuti awadzutse, awatsamiritse kukhoma, awaveke duku labwino. Anathamangitsa ana. Fabian anawerenga, ndipo atamaliza mayi ake anati apitirize. Iye anati yatha. Anati atembenuze pepala. Kuseri kunalibe kanthu. Anafunsa ngati mng'ono wawo sanapereke moni kwa a malume, kwa alamu, ngakhale kwa Fabian amene akuwerengayo. Anafunsa ngati palibe pamene akambapo za kumunda. Anauza Fabian kuti awerengenso, nawerenga katatu. Ndipo anati: uyu si Justina. Justina sanganene kuti ndikhululukireni ngakhale mutamukhazika pamoto. Wapita kwa kalaliki wa ku Lusaka kuti amulembere monga ofunsira ntchito, moni analibe nayo nthawi. Anagonanso, nkhope kukhoma.

Koma kalatayo sanaitaye. Anaiika pansi pa mphasa, ndipo aliyense wochokera ku boma ankamufunsa ngati kwabwera ina, ya mwini wake. Anafunsa choncho mpaka sabata imene anasiya kulankhula.

"Pamene tinali kuchoka ku Katete na atate ako, mu '74, iwe usanabadwe," anatero amayi, "lole itayamba kale kuyenda, akulu anga anathamanga kumbuyo, ananiponyera kansalu. Munali nthanga za maungu a amai. Anati, ukaleka kubzala izi ndiye kuti waniiwala. Zaka makumi awiri na ziwiri nabzala. Chaka cha chilala ninathirira na madzi otsukira mbale kuti mbewu isafe."

Maungu amenewo ndinakula ndikudya. Mawu a amayi aakulu a pamaliro aja, akuti anataya mbewu ya kwawo, ndinali nditawamva kambirimbiri. Zonse zinali m'manja mwanga, ndipo ine wopambana kalasi yonse pa nkhani ya mpanda sindinalumikize. Manyazi akakula amasanduka ukali. Ndinayamba kudziteteza. Ndinati ndinkafuna kuthandiza. Ndinati nthawi inali yochepa, kalata inali yaitali, ndipo ndinangolemba zimene iwo ankafuna kunena.

"Zimene nenze kufuna kunena ninanena," anatero amayi.

Akanandikalipira zikanakhala bwino. Amayi anga amene ankatha kumveka kutsidya la dambo chifukwa cha mbale imodzi yosatsuka sanakweze mawu tsiku limenelo. Anatenga kalata ija m'manja mwanga, anaipinda momwe inalili, naibwezera m'bulauzi.

"Ninakutumiza kusukulu kuti unibwereke dzanja," anatero. "Sininadziwe kuti uzanilanda na pakamwa." Kenaka anandifunsa ngati ndadya, nadzuka kukasonkha moto.

Nditabwerera ku koleji ndinatulutsa masamba atatu a pensulo aja m'buku la ndakatulo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawawerenga monga ndinaphunzitsidwira kuwerenga mabuku a anthu akutali. Sindinachedwe kuona. Mayina khumi ndi asanu ndi awiri aja sanaponyedwe mwachisawawa. Loyamba linali la mayi wogulitsa zitumbuwa pamene basi imatsitsira anthu. Lachiwiri linali la nyumba yoyamba ukapatuka pamsewu. Kamodzi kokha kamene ndinapitako ndili mwana kanandikwanira kuzindikira njirayo. Amayi ankayenda wapansi m'mudzi mwawo, khomo ndi khomo, kugwada paliponse, kuti mkulu wawo awamve akubwera patali asadzidzimuke. Dzina lomaliza linali la Fabian, amene nyumba yake inayang'anizana ndi ya mayi ake. Pamenepo, atafika pakhomo, ndi pamene anayamba za denga lodontha m'nyumba yopanda mwamuna, ndi bondo limene silikufunanso kuyenda, kenaka maungu, kawiri.

Ndinafuna munthu woti ndimusenzetse mlanduwo. Ndinawapeza a Chikwakwa pakhonde la ofesi akuthamangira kalasi, ndinawapatsa masambawo osanena kuti ndi a yani, ndikuyembekezera kuti cholembera chofiira chituluke m'thumba kuti ndiwauze chimene cholembera chimenecho chachita kwathu. Anayamba kuwerenga ali chiimire. Belu linalira, iwo osasuntha. Atafika tsamba lachitatu anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Walemba ndani izi?"

Ndinati ndi mayi wina wa kumudzi, wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake.

"Musachotsepo kanthu apa," anatero, akundibwezera ndi manja awiri. "Olo liwu limodzi."

Ndinawada tsiku limenelo kuposa mmene ndinadera munthu aliyense, ndipo ndinkadziwa kuti alibe mlandu. Anandipatsa mipeni iwiri, wodulira ndi wosendera, ine ndinasankha umene unandichititsa kuoneka wanzeru. Satifiketi ndinatenga, ndi magiredi abwino. Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndalembapo nkhani zimene anthu anaziyamikira, ndipo palibe imodzi imene ndinailemba popanda kumva funso lija la pakhonde.

Amayi sanandiuzenso kuti ndiwalembere. Sanandikane, sanandinene kwa anthu. Ankandiphikira, ankandichapira ndikabwera, ankandifunsa za mayeso. Kalata ya Fabian ikabwera ankaiika m'bulauzi n'kunena kuti aiona pambuyo. Amayi a pamudzi nawonso anayamba kudutsa pakhomo pathu ndi maemvulopu awo, kupereka moni waulemu kwa aphunzitsi, n'kupitirira. Nkhani sizibisika pamudzi, ndipo palibe amene ankafuna kutumiza mwana wake wa ku Kitwe mawu okongola a munthu wina.

Pa holide ya December ndinafika Lachinayi masana n'kupeza nyumba yotseka. Mayi woyandikana nafe anandiuza, akubisa kumwetulira m'chitenje, kuti amayi ali kusukulu. Ku mishoni kunali kalasi ya akuluakulu, imene anthu ankaitcha Shibukeni, Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo ankaphunzitsa ndi a Abraham, mwini wake wa galu wodya mbuzi uja, munthu amene anathera Sitandade 4 ndipo choko chinkagwa m'manja mwake kawiri pa chiganizo chimodzi. Ndinapita. Sindinalowe, ndinaima pawindo. Amayi anga, a zaka makumi asanu ndi zinayi, anali pa benchi la ana a katekisimu, mawondo atafika pachifuwa, bondo lodwala atalitambasula m'njira. Pensulo anaigwira ndi nkhonya yonse, lilime lili panja, akujambula chilembo chimodzi mobwereza. Mudzi wonse unkadziwa kuti mayi ameneyu ali ndi mwana wa ku koleji. Ndinabwerera kunyumba kudzera njira ya kudambo kuti ndisakumane ndi munthu.

Madzulo ake ndinawauza kuti ndikhoza kumawaphunzitsa ndekha, mwamsanganso, popeza ndi ntchito imene ndikuiphunzira. Anandithokoza mwaulemu ngati mlendo. Anati a Abraham ndi odekha, ndipo salemba chimene sunanene.

Mu April chaka chotsatira ndinabweranso, nditayamba kale kuyeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ku Chongwe, cholembera changa changa chofiira chili m'thumba la bulauzi. Mvula inali itagwa bwino. Maungu anali atayanga kuseri kwa nyumba, atakwera mpanda, ena akulendewera padenga la khitchini. Dzuwa likupendeka ndinapanga tiyi n'kutuluka naye pakhonde. Amayi anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, kope la ana a Giredi 1 lili pa lichero lovundikira, akulemba pang'onopang'ono moti ndinamva pensulo ikukanda pepala.

Ndinawerama kuti ndiike kapu pambali pawo, ndipo maso anga anagwera pa tsambalo. Pamwamba panali dzina la Mirriam, zilembo zazikulu zopendama ngati mpanda wa mapesi. Pansi pake panali chiganizo chimodzi, chimene chinawatengera miyezi isanu ndi iwiri kuti achifike: maungu aja akali kubala. Mzere wachiwiri unali womwewo. Wachitatu womwewo, mpaka pakati pa tsamba. Ndipo Mulungu andichitire chifundo, ngakhale pamenepo diso langa la ku koleji linali litayamba kale kuwerenga kuti abwereza kangati.

Amayi sanatukule mutu. Anangogoneka mkono wawo pa tsambalo, kuyambira chigongono mpaka zala, monga amachitira mwana wa sukulu akakhala pafupi ndi wobera mayeso, ndipo anadikira choncho mpaka ine nditadutsa.